Lifidzi: anthu achuluka, koma nthaka ndi yomwe ija

LIFIDZI, Angonia. Aliyense amene adayendapo kuchokera mu mzinda wa Tete kukwera kuno ku Angonia amadziwa kuti ulendowu umayamba ndi thukuta nkuthera m'juzi. Ku Tete, m'mphepete mwa Zambezi, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Koma galimoto ikadutsa Moatize, nkukhota pa Mussacama kuloza kumpoto, milambe imayamba kuchepa, mphepo imasintha, ndipo pofika ku Ulongwe, patatha makilomita oposa 200, munthu amakhala ali m'dziko lina. Kuchoka pa Ulongwe kulowera chakumpoto chakumadzulo, mbali ya phiri la Domwe, ndiko kuli Lifidzi.

Mlendo akafika amafunsa kuti, "Kodi tauni yake ili pati?" Funsolo si lachipongwe. Chimene amaona ndi tchalitchi cha mishoni, nyumba za sukulu, chipatala, timabanka togulitsiramo sopo, mchere ndi mafuta, kenaka minda mpaka pamene maso alekezera. Amene angawerenge nyumba zozungulira tchalitchi zokha nkunena kuti anthu a ku Lifidzi ndi omwewa, walakwitsa kwambiri. Anthu a ku Lifidzi ali m'midzi, pa zitunda ndi m'mbali mwa madambo, mudzi uno kutha, wina nkuyamba pomwepo. Lamulungu m'mawa, kapena tsiku la sikelo ya ana, ndi pamene amaonekera: njira zonse zimadzaza ndi anthu apansi, njinga, njinga zamoto ndi ngolo.

Nkhani yathu lero ndi ya anthu amenewa ndi nthaka imene akhalapo. Anthuwo akuchuluka chaka ndi chaka. Nthaka siikula.

Dziko la pamwamba

Dera la Lifidzi lili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. Kukwera kumeneku ndiko kumabweretsa zonse zimene timazidziwa kuno. Mvula imayamba cha mu Novembala nkukatha cha mu Epulo, ndipo zaka zambiri imagwa yokwanira chimanga. Mu Juni ndi Julaye kumazizira kwakuti ana amapita ku sukulu manja ali m'khwapa, ndipo m'madambo ena chisanu chimawaula ndiwo zamasamba usiku umodzi wokha. Pa zitunda pali katondo, dothi lofiira lija. M'madambo muli dothi lakuda losunga chinyezi, momwe muli madimba a kabichi, tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere, imene a ku Tete amaitcha batata reno. Chimanga, nyemba, mtedza, soya ndi fodya ndiye mbewu za kumunda. Ng'ombe nazo zilipo, ndipo ngolo ya ng'ombe ikadali galimoto ya mlimi wa kuno. Nchifukwa chake anthu a m'chigawo muno amati Angonia ndi nkhokwe ya Tete.

Dzina la malo ano ndi la mtsinje wa Lifidzi. Pali chinthu chimodzi chokhudza madzi chimene ambiri sitichiganizira, ngakhale timachiona dzinja lililonse. Mvula yogwa mbali ino ya malire imatsika ndi timitsinje kukalowa mu Revubwe, ndipo Revubweyo amakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mvula yogwa tsidya lina, ku Dedza, imatsikira ku nyanja ya Malawi. Pamene Angelezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire pa 11 Juni 1891, kuno adatsata msana wa mtunda umene umagawa madziwo. Kumene madzi apita ku Zambezi kudakhala kwa Mpwitikizi, kumene apita ku nyanja kudakhala kwa Mngelezi. Adagawa bwino madzi, koma anthu sadawafunse. Malirewo adadutsa pakati pa mabanja, pakati pa mudzi ndi manda ake, pakati pa mfumu ndi anthu ake.

Mpaka lero munthu wa ku Lifidzi ali pafupi ndi Dedza kuposa mmene alili ndi Tete. Chipata cha boma chili pa Kalomwe, koma tinjira ta pansi ntosawerengeka. Kummwera, pa Lizulu, msewu waukulu wa Malawi ukuyenda pa malire penipeni, ndipo msika uli uku ndi uku. Meticali ndi kwacha zimakhala m'thumba limodzi.

Amene adayamba, ndi amene adawapeza

Achewa ndiwo eni nthaka akale a dera lino, ndi dambwe lawo, ndi mwambo wawo wakuti mwana ndi wa kuchikazi ndipo mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi. Cha m'ma 1870 kudafika Angoni a kwa Maseko, atazungulira ulendo wautali wochokera kummwera kwa Afirika, nakafika mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, nkubwereranso. Adadzakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe motsogozedwa ndi Chidyaonga, ndipo pambuyo pake ufumu udapita kwa Chikuse, bambo wake wa Gomani woyamba amene Angelezi adamupha mu 1896. Dzina lakuti Angonia lidachokera kwa Angoni omwewa. Malire aja atadulidwa, a Gomani adakhala mbali ya Ntcheu, ndipo mbali ino ufumu wa Angoni uli kwa Inkosi Zintambira.

Angoni adabwera ndi mkondo, chishango ndi ng'ombe, koma chiyankhulo adatengera cha anthu amene adawapeza. Lero mdzukulu wa Mngoni ndi mdzukulu wa Mchewa amayankhula chimodzimodzi, amakwatirana, ndipo m'dera limodzi mumamveka ngoma ndi Gule Wamkulu. Komabe kusiyana kwina kudatsala, ndipo kumatulukira pa nkhani ya munda. Kwina munda umatsata kuchikazi, mwini mbumba ndiye amagawa. Kwina, kumene adalowola, umatsata kuchimuna. Nthaka ikakhala yambiri, miyambo iwiriyi imayenda limodzi popanda phokoso. Ikachepa, mwamuna akamwalira, ndi pamene mayi wamasiye amamva mawu akuti "kuno si kwanu".

Mishoni

Chimene chidapangitsa kuti Lifidzi akhale dzina lodziwika kunja kwa midzi yake ndi mishoni ya Fransisko Saveriyo Woyera. Adaiyambitsa ndi ansembe a chipani cha Yesu, Ajezwiti, ochokera ku Boroma kufupi ndi Tete, chaka cha 1910 chisanafike. Sadakhalitse: mu 1910 ufumu udagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano lidathamangitsa Ajezwiti m'maiko onse a Apwitikizi. Mishoniyo idapitirira m'manja mwa ansembe ena mpaka Ajezwiti adabwereranso mu 1941. Kuchokera pano adatsegulanso mishoni ya Fonte Boa mu 1945. Nthawi yomweyo ya chiyambi, mu 1909, a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula mishoni yawo pa Mphatso, koma boma la Apwitikizi lidaitseka mu 1922.

Pa nkhani ya chiwerengero cha anthu, mishoni idachita zinthu ziwiri. Idakoka anthu, chifukwa pamene pali sukulu ndi mankhwala anthu amamanga moyandikira. Idayambanso kulemba maina. Kalekale boma lisanafike m'midzi ndi mabuku ake, mabuku a ubatizo ndi a ukwati ndiwo ankasunga kuti uje adabadwa liti, kwa yani, mudzi uti. Akuluakulu ambiri a kuno zaka zawo adazidziwira pa kalata ya ubatizo.

Anthu oyenda

Ngakhale nthaka ili yabwino chotere, mbiri ya anthu a kuno ndi mbiri ya kuchoka ndi kubwerera. M'nthawi ya atsamunda amuna ambiri ankathawa msonkho, chibalo ndi mbalamatodya nkuwolokera ku Nyasaland. Ena ankapita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Rhodesia, ena ku migodi ya ku Joni. Ena adabwerako ndi njinga ndi makina osokera, ena adatchona. Ku Zimbabwe kuli mabanja amene mpaka lero amati kwawo nku Angonia, ngakhale ana awo Domwe sadamuonepo.

Kuchoka kwakukulu kudadza ndi nkhondo ya zaka 16. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma lidatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo ansembe a ku Lifidzi adakakhala pa Chapotera, m'dera lomweli. Kumeneko, usiku wa pa 30 Okutobala 1985, anthu a mfuti adatenga Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angonia konkuno, pamodzi ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, ndipo adawapha. Mitembo yawo idapezeka patapita masiku angapo. Awiriwa maina awo adalembedwa ndipo Mpingo umawakumbukira. Ophedwa ena ambiri a m'midzi ino amakumbukiridwa ndi abale awo okha.

Zaka zotsatira midzi yambiri idatsala mabwinja. Anthu adawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ambiri osati m'misasa ayi, koma m'midzi ya abale awo, poti malire a 1891 sadathe kudula chibale. Pofika 1992 m'Malawi munali Amozambiki othawa nkhondo oposa 1,000,000. Ena a kufupi ndi malire ankagona ku Malawi, nkumazemba masana kudzalima kapena kudzakolola kuno, khutu lili tcheru. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, a ku Angonia adali m'gulu la oyamba kubwerera. Ambiri sadadikire malole a mabungwe. Adangosenza mphika, mphasa ndi khasu, nkuyenda wapansi, poti kwawo kunkaoneka ndi maso. Mu 1993 ndi 1994 utsi udayambanso kufuka m'midzi.

Amene adabwerera nthawi imeneyo amakumbukira mmene minda idalili. Itagona zaka zingapo osalimidwa, idamera thengo, ndipo chimanga cha zaka zoyambazo chidabereka popanda feteleza. Munthu wamphamvu zake ankatha kupita kwa mfumu nkupempha malo oti aswe mphanje. Achinyamata a lero akamamva zimenezi amayesa nthano.

Manambala akuti chiyani

Kalembera wa anthu m'dziko muno adachitika mu 1980, 1997, 2007 ndi 2017. Wa mu 1997, woyamba nkhondo itatha, adapeza anthu pafupifupi 250,000 m'boma la Angonia. Wa mu 2017 adapeza oposa 450,000. Ndiye kuti m'zaka 20 zokha anthu adatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo palibe boma lina m'chigawo cha Tete limene lidali ndi anthu ambiri chotere. Tsangano sali m'chiwerengerochi, poti adapatulidwa kukhala boma palokha mu 1986.

Tiyeni tiwaike manambalawa pa nthaka. Boma la Angonia ndi lalikulu makilomita oposa pang'ono 3,000 a sikweya. Chigawo chonse cha Tete chili pafupifupi 100,000. Kunena kwina, chigawo chikadakhala munda wa mizere 30, Angonia akadakhala mzere umodzi. Koma pa mzere umodziwo pakukhala munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse a m'chigawo muno. Pa kilomita imodzi ya sikweya, chigawo chonse chidali ndi anthu osakwana 30 mu 2017. Angonia adali ndi pafupifupi 140.

Kilomita imodzi ya sikweya ndi mahekitala 100. Gawirani anthu 140 mahekitala 100 amenewo: aliyense sakwanitsa hekitala imodzi. Ndipo musaiwale kuti m'kati mwa mahekitalawo muli phiri la Domwe ndi matanthwe ake, muli mitsinje, misewu, manda, mabwalo a sukulu, malo a nyumba ndi busa la ng'ombe. Zimenezo ndi za mu 2017. Ana obadwa chaka chimenecho lero ali pa sukulu, ndipo ang'ono awo ali kale kumsana.

Nambala inanso yofunika ndi iyi: kalembera wa 2017 adapeza kuti pafupifupi theka la anthu a m'Mozambiki ndi ana osakwana zaka 15. Simufunika buku kuti mukhulupirire zimenezi. Imani pa msewu wa ku Lifidzi nthawi yoweruka ku sukulu. Aliyense mwa ana amenewa adzafuna pomanga nyumba ndi polima.

Pamene nsapato ikuthina

Zizindikiro zake zikuoneka kale. Tsala, munda wogoneka kuti upume, lasowa. Munda umodzi womwewo ukulimidwa chimanga chaka ndi chaka, ndipo popanda thumba la feteleza sutulutsa kanthu kooneka. Munda umene agogo ankalima okha lero wagawidwa pakati pa adzukulu asanu, aliyense ndi timizere take. Makasu akukwera m'mapiri momwe kale munkapita otola nkhuni ndi ofula njuchi okha. Madambo, omwe adali busa, asanduka madimba, ndipo mwini ng'ombe ndi mwini kabichi akukumana kawirikawiri pa bwalo la mfumu. Mitengo ikupita ku nkhuni, ku makala, ku uvuni wa njerwa ndi ku milimo ya zigafa za fodya. Amayi a m'midzi ina akuphikira zitsononkho ndi mapesi.

Fodya tisamunyoze mopanda chilungamo. Kuyambira pamene kampani ya Mozambique Leaf Tobacco idayamba kupereka mbewu ndi feteleza pa ngongole nkumagula fodyayo, malata ambiri akwera pa madenga a ku Domwe ndipo ana ambiri aphunzira. Koma mlimi wa hekitala imodzi akapereka theka kwa fodya, nkhokwe yake imadalira mtengo wa pa msika, umene sauika ndi iye.

Phiri likametedwa mpala, madzi sakhalanso pansi. Amathamanga, natenga dothi lapamwamba, nakumba zigwembe pakati pa minda. Mtsinje umene kale unkayenda chaka chonse umasefukira mu Januwale nkuuma mu Seputembala. Ndipo madziwo sathera kuno. Mu Januwale 2022, pa mkuntho wa Ana, Revubwe adadzaza mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mvula ya chaka chimenecho idali yoopsa payokha, sitikunena kuti adagwetsa mlatho ndi alimi a kuno ayi. Koma ena mwa madzi ofiira amene adadutsa pamenepo adachokera m'minda yathu, ndipo kufiirako ndi chakudya cha chimanga chathu.

Njira zothandiza sizachilendo, ndipo alangizi mbali zonse ziwiri za malire akhala akuzinena: kulima mizere yopingasa potsetsereka, kubzala udzu wa vetiva m'malire, kusatentha mapesi, kuthira manyowa a m'khola, kusinthanitsa chimanga ndi soya, nyemba kapena mtedza, kusiya mitengo m'mbali mwa mtsinje. Chovuta nchakuti zonsezi zimafuna mlimi wotsimikiza kuti mundawo ndi wake chaka chamawa. Wobwereka munda sabzala mtengo. Mkamwini amene akudziwa kuti tsiku lina adzauzidwa kuti anyamule bulangete lake sakumba ngalande.

Apa mpamene lamulo likukhudza khasu. Lamulo la nthaka la mu 1997 lidanena kuti nthaka yonse ndi ya boma, siigulitsidwa, koma lidavomereza kuti munthu kapena mudzi wokhala pa malo motsata mwambo uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale popanda pepala. Lidavomerezanso umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndipo lidati mkazi ali ndi ufulu wofanana ndi mwamuna, ngakhale pa kulowa m'malo a womwalira. Pepala lija amati DUAT limangotsimikiza ufulu umene ulipo kale. Ambiri m'midzi sadziwa zimenezi, ndipo wosadziwa ndiye amagonja msanga akabwera munthu wa galimoto ndi chikwama. Banja lanzeru limayenda m'malire a munda wake pamodzi ndi mfumu ndi anansi akadali moyo akuluakulu odziwa kuti chulu chiti, mtengo uti, ndiwo malire. Akapita iwowo, chotsala ndi mikangano.

Sikuti onse adzakhala alimi. Ulongwe, amene m'nthawi ya atsamunda ankatchedwa Vila Coutinho, adasanduka munisipiyo mu 2008, ndipo kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Zambeze. Achinyamata ena akupita kumeneko, ena ku Tete ndi ku migodi ya malasha ku Moatize, ena ku Lilongwe, ena ku Joni monga ankachitira agogo awo. Ena atsala pa msika ndi njinga yamoto ya kabaza. Koma ntchito za m'tauni nzochepa poyerekeza ndi ana amene akubadwa, ndipo ambiri opita amabwerera kudzafunsa gawo lawo la munda.

Kuwerengedwa

Pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwa aliyense. Boma likamagawa aphunzitsi, anamwino, mankhwala ndi mijigo, limayang'ana manambala a kalembera. M'dera la m'malire ngati lino nkosavuta kuti munthu asowe m'mabuku onse awiri. Alipo amene adabadwira ku Dedza nthawi ya nkhondo, nakulira ku Lifidzi, opanda chikalata cha uku kapena cha uko. Alipo amayi amene amakachirira tsidya lina poti ndiko kufupi, mwana nkukula osalembetsedwa ku rejisito. Alipo amene amabisala akaona wolemba ndi chikwama, poganiza kuti ndi za msonkho monga kale, kapena za chipani. Mwana wosalembedwayo amadzakhalabe m'kalasi, pansi, pakati pa anzake ochuluka kuposa mabenchi.

Kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2027. Wa mu 2017 adachitika kuyambira pa 1 mpaka pa 15 Ogasiti, ndipo Ogasiti kuno ndi mwezi wa maulendo: ngolo zili pa msewu ndi chimanga, amuna ali ku misika, kuli zinamwali ndi ziliza tsidya lino ndi tsidya lina, amayi ali kudimba kuyambira mbandakucha. Wolemba akafika pakhomo nthawi yotere amapeza agogo ndi tiana. Agogowo adziwe maina ndi zaka za onse ogona m'nyumbamo, ngakhale wakhanda wobadwa dzulo.